Mabuku abwino a mbiri ya Chisilamu tingawapeze kuti abale?

Ummu Zainabu: Assalam alaikum abale ndi alongo. Ndabwera ndi pempho. Mwana wanga wachisamba ali fomu 3 ndipo wayamba kufunsa mafunso ovuta ndithu, akuti amayi, Mtumiki Muhammad SAW atamwalira zinayenda bwanji mpaka Chisilamu kudzafika kuno ku Mangochi? Ku madrassa anaphunzira sira, mbiri ya moyo wa Mtumiki, mpaka chaka cha 632 chomwe anamwalira nkhani nkuthera pomwepo, ngati kuti zaka zinazo kunalibe anthu. Ndikufuna mabuku enieni oti tiziwerengera limodzi madzulo, osati ma PDF amangozungulira mmagulupu aja opanda ndi dzina lomwe la wolemba. Ndithandizeni chonde

Mwalimu Idrisa: Waalaikum salam mayi. Mashallah mwanayo Allah amuonjezere kuzindikira. Poyambira ndi sira yomweyo koma yathunthu. Pezani Ar-Raheeq Al-Makhtum, pachingerezi The Sealed Nectar, analemba Sheikh Safiur Rahman Mubarakpuri wa ku India ndipo linapambana mpikisano wa mabuku a sira womwe anakonza a Muslim World League. Limayenda mwadongosolo, Makka, Hijra (msamuko wopita ku Madina) ya 622, nkhondo za Badr 624 ndi Uhud 625, kutsegulidwa kwa Makka 630. Mmashopu a mabuku a Chisilamu ku Limbe limapezeka kawirikawiri

Che Bakali ku Joni: Limenelo ndi labwino koma kwa mwana wa fomu 3 likhoza kumutopetsa mwalimu, muli maina ambirimbiri a mafuko ndi tinkhondo ting'onoting'ono motsatizana. Ine ndinakonda la Martin Lings, Muhammad: His Life Based on the Earliest Sources, la 1983. Mkuluyu anali Mngelezi yemwe analowa Chisilamu ndipo amalemba ngati akukusimbira nkhani pakhonde, ukaliyamba suzindikira kuti kwada. Pamene amafotokoza za Khadija RA, mkazi wa Mtumiki, kumufunditsa mwamuna wake atachoka ku phanga la Hira akunjenjemera ine misozi inalengeza mbasi ndikupita kuntchito

Mwalimu Idrisa: Zoona Che Bakali kalembedwe kake ndi kokoma, kungoti ma ulama (akatswiri a dini) ena anapezamo nkhani zingapo zomwe unyolo wake wa osimba ndi wofooka. Owerenga azifunsa kwa ma shehe pomwe akayikira

Ummu Zainabu: Zikomo nonse, ndalemba onse awiri. Koma vuto langa lenileni ndi la pambuyo pa 632 paja

aPhiri a History: Moni nonse, ine ndine Mkhristu ndimaphunzitsa history kusekondale, ndilowererepo pang'ono ngati mungalole. Mayi kuti mwana asasochere muyambe mwamujambulira mzere papepala lalikulu nkumata pakhoma. Makhalifa anayi, atsogoleri omwe analowa mmalo mwa Mtumiki, Abu Bakr 632 mpaka 634, Umar mpaka 644, Uthman mpaka 656, Ali mpaka 661. Kenako maufumu, ma Umayyad likulu ku Damascus mpaka 750, ma Abbasid omwe anamanga Baghdad mu 762, ma Mongol kudzagumula mzindawo mu 1258. Mbali inayi Asilamu kuwolokera ku Spain mu 711 mpaka Granada kugwa mu 1492, ma Ottoman kulanda Constantinople mu 1453, ndi ukhalifa kuthetsedwa ku Turkey mu 1924. Akakhala ndi mafupa amenewa buku lililonse lomwe atsegule adziwa kuti ali pati. Buku lalifupi loyambira ndi Islam: A Short History la Karen Armstrong, la 2000, chingerezi chake mwana wa fomu 3 achimva. Akakhwima apite kwa Hugh Kennedy, The Prophet and the Age of the Caliphates

Abu Huzaifa: Ndi ulemu wonse aPhiri, koma abale mbiri ya dini yathu tikaiphunzire kwa anthu omwe sakhulupirira Mtumiki wathu? Ambiri mwa azungu olemba zimenezi cholinga chawo chinali kunyoza. Tili ndi Ibn Kathir, Al-Bidaya wan-Nihaya, tili ndi Tabari, tili ndi mabuku a Dr Ali Sallabi a makhalifa anayi aja omwe anamasuliridwa mchingerezi, tili ndi History of Islam ya Akbar Shah Najeebabadi mavoliyumu atatu. Tikusowa chani kuti tikapemphe moto kwa ena

aPhiri a History: Nkhawa yanu ndikuimva achimwene ndipo siyopanda maziko, alipo mabuku akale a nthawi ya atsamunda omwe ukamawerenga umaona chidani poyera. Koma si onse, ndipo omwe ndatchulawo amatsamira pa Tabari yemweyo

Ustaz Twaibu: Abu Huzaifa m'bale wanga, mabuku mwatchulawo ndi abwino ndipo a Sallabi ndimawagwiritsa ntchito pophunzitsa, koma pa Tabari ndiime kaye chifukwa ambiri timangomutchula dzina osamuwerenga. Imam Tabari anamwalira mu 923 ku Baghdad, Tarikh, buku lake la mbiri, pachingerezi ndi mavoliyumu 39 ndi lina la 40 la mlozera, anasindikiza a State University of New York Press. Mmawu ake oyamba iye mwini amachenjeza kuti wowerenga akapezamo nkhani yomunyansa kapena yosamveka adziwe kuti siyochokera kwa iye koma kwa omwe anamusimbira, iye wangoipereka momwe inamufikira. Ndiye kuti pa chochitika chimodzi amakuikira nkhani zitatu zinayi zotsutsana, iliyonse ndi isnad yake, wakuti anamva kwa wakuti amene anamva kwa wakuti, ntchito yosefa nkukusiyira iwe. Munthu wosadziwa osimbawo akangotsegula pakati nkujambula ndime imodzi nkuponya pa Facebook kuti onani Tabari wanena, wanamiza anthu ngakhale mawuwo alimodi mbukumo. Ndawaona akuchita zimenezi anthu odana ndi Chisilamu komanso Asilamu anzathu pokangana okhaokha. Choncho kungoti wolemba ndi Msilamu sizikutanthauza kuti titseke maso

Abu Huzaifa: Pamenepo ndavomera Ustaz, Tabari si wa oyamba kumene. Koma pa azungu paja sindinasunthe

Ustaz Twaibu: Palibe vuto akhi, ndionjezere chimodzi. Ibn Khaldun wobadwira ku Tunis mu 1332, mbuku lake la Muqaddimah la 1377, anadzudzula olemba mbiri anzake Achisilamu chifukwa chongomeza manambala. Chitsanzo chake ndi cha asilikali 600,000 omwe ankati anali ndi Musa AS mchipululu, iye nkufunsa kuti gulu lotero likanafola bwanji pabwalo la nkhondo, mbali ina ikanadziwa bwanji zomwe inzake ikuchita, komanso kuchokera pa Yakubu AS kufika pa Musa mibadwo ndi yochepa yoti anthu nkuchulukana chotero. Uyu ndi qadhi, woweruza wa malamulo a Chisilamu, wa madhhab (sukulu ya malamulo) a Maliki akufunsa mafunso amenewa zaka zoposa 600 zapitazo. Kufufuza ndi mwambo wathu, sitinabwereke. Ndiye ine buku la Kennedy ndimaliwerenga ndi diso lomwelo, wazitenga kuti, wasiya chani. Aqida, za chikhulupiriro, ndimaitenga kwa ma shehe anga, koma za misonkho, ndalama zachitsulo, malipiro a asilikali ndi mmene mizinda ngati Kufa ndi Basra inayambira ngati misasa ya ankhondo, anthu amenewa anafufuza kwambiri ndipo phindu lilipo

Sister Mariamu, Leicester: Ustaz mwalankhula zomwe zinali kukhosi kwanga. Ine ndinafika kuno ndikudziwa sira yokha, tsiku lina kuntchito mnzanga wa ku Iraq wa Shia anandifunsa za Karbala ine kukamwa yasa, dzina la Hussein RA ndimalidziwa koma zomwe zinachitika mu 680 ayi. Zinandiwawa kuti mdzukulu wa Mtumiki anaphedwa pamodzi ndi abale ake ine osauzidwapo. Ana athu tikawabisira nkhondo za Asilamu okhaokha, ya Ngamira ya 656 ndi ya Siffin ya 657, adzazimva kwa munthu wa pa TikTok amene adzazikhotetse mmene akufunira, ndipo adzayamba kukayikira ndi zoona zomwe tinawaphunzitsa. Bola azimve kwa ife mwaulemu

Mwalimu Idrisa: Nkhani za fitna, mikangano imeneyi, zimafuna adabu (ulemu) mchemwali, Maswahaba, omwe ankayenda ndi Mtumiki, sitiwaweruza ife. Koma kubisa ayi, pamenepo tili limodzi. La Sallabi la Ali RA limafotokoza zonsezo mmene amaonera a Ahlus Sunna, Asilamu a Sunni

Sister Mariamu, Leicester: Eya mwalimu, ndipo amene akufuna kumva mmene ofufuza a ku yunivesite amaionera nkhani ya ulowammalo wa Mtumiki pali la Wilferd Madelung, The Succession to Muhammad, 1997. Ndi lolemera ndipo limapendekera mbali ya Ali, musampatse mwana, ndi la akuluakulu omwe awerengapo kale ena

Che Bakali ku Joni: Nanga lija la mavoliyumu atatu amalitama kwambiri lija?

aPhiri a History: The Venture of Islam la Marshall Hodgson, linatuluka 1974 mwini wake atamwalira kale. Ndi lapamwamba zedi koma chingerezi chake ndi chokhakhala, tsamba limodzi umalibwereza kawiri. Lofewerapo ndi la Albert Hourani, A History of the Arab Peoples, 1991, kungoti monga dzina likunenera ndi la Aluya, pomwe Asilamu ambiri padziko si Aluya, dziko lokhala ndi Asilamu ochuluka kuposa onse ndi Indonesia. Lomwe limazungulira konse mpaka India, Indonesia ndi Africa ndi la Ira Lapidus, A History of Islamic Societies, ndi chibuku chachikulu chosawerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, umangotsegula mutu womwe ukuufuna

Nachisale wa ku KK: Abale mwatchula Baghdad, Damascus, Spain, koma funso la mwana lija linali loti chinafika bwanji KUNO. Ine ndakulira ku Nkhotakota, mtengo wa mkuyu womwe amati Livingstone anakumanirana ndi Jumbe ndinkaudutsa popita kusukulu, koma mkalasi za Jumbe tinangophunzira mizere iwiri, kuti ankagulitsa akapolo basi. Kuti anachokera kuti, anthu ankaswali bwanji, ankaphunzira kwa ndani, zii

Ustaz Twaibu: Mayi Nachisale mwatibweza panjira. Buku loyamba kulifuna ndi Malawi's Muslims: Historical Perspectives, anasonkhanitsa ndi David Bone, linatuluka mu 2000 mu Kachere Series ya ku Zomba. Si lalikulu ndipo muli mitu ya olemba osiyanasiyana. Mwachidule njira zinali ziwiri. Ya kunyanja, Salim bin Abdallah Mswahili wochokera kugombe la Indian Ocean anakhazikika ku Nkhotakota cha mma 1840 nkukhala Jumbe woyamba, zombo zake zinkaoloka nyanja ndi minyanga ya njovu ndi akapolo kulowera ku Kilwa. Ina ndi ya Ayao omwe anali atayenda kale malonda ndi kugombe kwa mibadwo, mafumu awo nkuyamba kulowa Chisilamu, Makanjira cha mma 1870, ena monga Mataka, Jalasi ndi Mponda nkutsatira. Mafumuwa ankafuna alembi odziwa kulemba Chiswahili mzilembo za Chiarabu kuti azilemberana ndi amalonda a kugombe, ndiye ma mwalimu anabwera ndi makalata ndi Qur'an pamodzi. Koma omwe anachifalitsa mmidzi kwenikweni ndi ma shehe a konkuno monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, ankayenda mudzi ndi mudzi ndi ophunzira awo, ndipo Chisilamu chinakula kwambiri nthawi ya atsamunda malonda a akapolo atatha kale. Mfundo imeneyi anthu ambiri saidziwa

Abu Huzaifa: Nkhani ya akapoloyi ndi imene amatitukwana nayo nthawi zonse, ukangoti ndine Msilamu wa Chiyao basi mwagulitsa anthu inu

Nachisale wa ku KK: Zimapweteka achimwene ndikudziwa, koma zinachitikadi. Agogo anga aakazi ankasimba kuti agogo awo anagwidwa ali kamtsikana kumtunda uko akutunga madzi, anapulumuka chifukwa anadwala asanakwezedwe mchombo nkutsala pa doko, ndi mmene banja lathu linakhalira la ku Nkhotakota komanso la Chisilamu. Ndiye ine ndine mdzukulu wa wogwidwa ndipo ndimaswali kasanu. Buku lomwe lingandiuze kuti kunalibe ukapolo ndilitaya, lomwe lingandiuze kuti Chisilamu kuno ndi ukapolo basi nalonso ndilitaya

aPhiri a History: Mayi mawu amenewa ndi olemera. Pa malondawo werengani Edward Alpers, Ivory and Slaves in East Central Africa, 1975, amaonetsa kuti munali manja ambiri, Aswahili, Aluya a ku Oman, Apwitikizi, Afalansa omwe ankafuna antchito mminda ya nzimbe kuzilumba, amalonda a ku India omwe ankakongoza katundu, ndi mafumu a kuno. Ndipo Abu Huzaifa pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa, zambiri zomwe tinaphunzira za Jumbe ndi za Mlozi yemwe ananyongedwa ku Karonga mu 1895 zinalembedwa ndi amishoni ndi a boma la atsamunda omwe ankalimbana nawo. Komanso sukulu zinali mmanja mwa mishoni, makolo Achisilamu ambiri ankaopa kutumizako ana kuti akabatizidwa, zotsatira zake olemba mbiri Achisilamu a kuno anachedwa kupezeka. Mpake kuti mbali yanu imamveka pang'ono mmabuku

Che Bakali ku Joni: Pali lina la Chiyao lakale lija, bambo anga ankalitchula

Ustaz Twaibu: Chiikala cha Wayao, analemba Yohanna Abdallah, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919 mu Chiyao ndi chingerezi, womasulira anali Meredith Sanderson. Dzina lisakupusitseni, mkuluyu anali wansembe wa Anglican, koma analemba zomwe anamva kwa akuluakulu a Chiyao a nthawiyo, za phiri la Yao, za maulendo a kugombe, za Mataka. Ndi chuma chimenecho

Sister Mariamu, Leicester: Ndipo mwana mumuuzenso kuti Chisilamu chinaponda Africa chisanafike ndi ku Madina komwe. Cha mma 615 Maswahaba othawa mazunzo ku Makka anaoloka nyanja kupita ku Habasha (Ethiopia), mfumu ya Chikhristu Najashi nkuwalandira, Jafar bin Abi Talib RA anaiwerengera Surat Maryam mfumu nkulira nkukana kuwapereka kwa ma Quraish a ku Makka omwe ankawazunza. aPhiri nkhani imeneyi ndi yanu ndi yathu. Za Africa yense pali The History of Islam in Africa la Nehemia Levtzion ndi Randall Pouwels, 2000. Muli za Mansa Musa wa ku Mali ndi Hajj yake ya 1324, za Timbuktu, za Sokoto. Ibn Battuta anafika ku Kilwa mu 1331 nkuutama kuti ndi umodzi mwa mizinda yokongola kwambiri, Kilwa yomweyo yomwe makolo athu ankapitako wapansi. Ndipo atsikana athu amve za Nana Asma'u mwana wa Usman dan Fodio wa ku Sokoto (Nigeria), ankalemba ndakatulo mu Chiarabu, Fulfulde ndi Hausa nkuphunzitsa amayi oti azikaphunzitsa anzawo mmidzi

aPhiri a History: Ya Najashi ndimaiphunzitsa chaka chilichonse mayi, ana a zipembedzo zonse amakhala chete kumvetsera

Ummu Zainabu: Abale ndadzadza masamba awiri. Koma kunena zoona mabuku enawa mtengo wake ndi thumba la feteleza kapena kuposa, tiwapeza bwanji ife a kuno

Mwalimu Idrisa: Musagule onse mayi. Atatu akwana poyamba, la sira limodzi, lalifupi la mbiri yonse limodzi, ndi la Bone lija la kwathu kuno. Ndipo samalani ndi a fotokope a pamsika. Wophunzira wanga anabwera nalo lina lomangidwa ndi waya, chikuto chabuluu, tsamba loyamba palibe, wolemba sakudziwika, chaka palibe, mkati masamba 40 mpaka 56 anasowa ndipo pomwe panasowapo ndi pa Uthman RA, mwana anangochoka pa Umar nkugwera pa Siffin osadziwa kuti anthu akumenyeranji. Musanapereke ndalama onani dzina la wolemba, wosindikiza, chaka, ndipo tsegulani kumapeto muone ngati akunena komwe watenga nkhani zake

aPhiri a History: Kuwerengera pomwepo kuliponso. National Library, laibulale ya University of Malawi ku Zomba ili ndi gawo la mabuku a za Malawi, National Archives ku Zomba komweko, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Akale kwambiri ngati Muqaddimah ndi maulendo a Ibn Battuta fufuzani pa Internet Archive, bando ya usiku imakwana kutsitsa

Che Bakali ku Joni: La Lings ndili nalo lapadera, pali mnyamata wa kwathu akukwera basi sabata ya mawa, ndimupatsira akasiye kwa Mwalimu Idrisa kuti lizizungulira. Kuno a second hand amapezeka motchipa makamaka ku Fordsburg ndi ku Durban, amene akufuna china anene msanga ndikayang'ane Loweruka. Ndikapita ku Cape Town ndimafunanso ndikapeze buku lonena za Tuan Guru, amene analemba Qur'an yonse kuchokera pamtima ali mkaidi pa Robben Island, mzikiti wa Auwal wa 1794 ulipobe mpaka lero ku Bo-Kaap

Abu Huzaifa: Che Bakali mundiyang'anireko la Bone ngati lingapezeke kumeneko, ndikufuna ndione ndekha zomwe analemba za ma shehe athu. A Sallabi anayi onse ndili nawo, wofuna kubwereka andipeze pambuyo pa Jumua koma abweze

Nachisale wa ku KK: Chinanso abale, mbiri ina sili mmabuku a mshopu. Malume anga ali ndi kitabu cha agogo awo chokulungidwa munsalu yoyera mkati mwa sutukesi yachitsulo, mapepala ofiirira, inki yakuda ndi yofiira, mmphepete muli timawu ta Chiswahili mzilembo za Chiarabu ndi maina a anthu omwe anawaphunzitsa, ngodya imodzi chiswe chinadya kale. Mmidzi ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi kwathu zoterezi zilipo zambiri ndipo eni ake akutha. Nkhani za mkangano wa sikiri (kuimba) ndi sukuti (kukhala chete) pamaliro, za mmene ankaphunzirira pa ubao, ndani anapita ku Zanzibar wapansi kukaphunzira, akuluakulu amazidziwa pamtima

Ustaz Twaibu: Chijambuleni ndi foni tsamba ndi tsamba mayi, masana panja pamthunzi osayatsa flash, ndipo musachichotse munsalumo nkuika mu pulasitiki chimachita nkhungu. Malumewo muwafunse anaphunzira kwa ndani, mwalimu wawoyo anaphunzira kwa ndani, kuti, nthawi ya DC uti kapena njala iti popeza zaka sangazikumbuke koma njala ya 1949 aliyense wamkulu amaidziwa. Mukatumiza zithunzi ine ndiyesa kuwerenga za mmphepetezo

Ummu Zainabu: Ndiye holide ikubwerayi mwana ndimutumiza kwa agogo ake ku Namwera ndi kope ndi foni. Ustaz mafunso aja mundilembere bwinobwino ku inbox, ndipo Mwalimu Idrisa buku likafika mundiimbire ndine woyamba pamzere

Nachisale wa ku KK: Ndipita kwa malume Lamlungu. Ustaz zilembo zina zafufutika ndi madzi, ndijambule ndi masamba owonongekawo kapena okhaokha owerengeka?

Ustaz Twaibu: Onse mayi, ndi chikuto chomwe, ndipo muwatsatanitse mmene alili musasinthe dongosolo lake